Dzina limene munandilembera mu gemu ija

Achimwene a Twaibu, dzulo pa sadaka yanu kwa Kawinga anthu amakutamani kuti munali wachifundo. Pobwerera ku Balaka ndinatenga CD ija munakoperapo gemu yanu yowomberana. Laputopu yanga ilibe polowetsa CD, ndiye ndakakopetsa pa fulashi. Poyamba imakana kutseguka, sikirini kungoti bii. Ndauza laputopuyo kuti idziyese kompyuta yakale, gemu n'kutseguka, koma asilikali ake amathamanga ngati akabaza oti aona basi ikuima. Ndatsitsa liwiro, ndakonza zithunzi zomwe zinatambasuka, mpaka zonse zakhala m'malo. Kenako pa mndandanda wa osewera patuluka dzina lija: A-A-ASIYATU.

Mukukumbuka? Munandilola kusewera kamodzi kokha, anzanu atadzaza m'chipinda. Munati, "Tchula dzina lako, mlongo, ndikulembe." Ndinachita chibwibwi monga mwa masiku onse, inu n'kulilemba momwemo. Ndikaphedwa dzinalo linkatuluka pa sikirini, anzanu n'kumaliwerenga mokuwa, akufa ndi phwete, inu mukuwatsogolera. Lero sindinalifufute, iyayi. Ndangopatsa mdani mmodzi dzina lanu. Ndakhala ndikukuwomberani kuyambira m'mawa, ndipo ndikakugwetsani mumadzukanso, n'kubwera mothamanga kudzandisaka. Koma mumadzuka mu gemu mokhamo, achimwene. Kwa Kawinga kuja mwagona basi. Masiku ano dzina langa ndimalitchula kamodzi, osakakamira, ndipo simudzalimva.