Kapulogalamu Kobwera ndi Mudzi Wonse

Bambo atagona ku Chilobwe, matenda atawafinya, anandipempha chinthu chimodzi chokha: kumvanso mawu a malemu amayi akuimba kukwaya. Kanema wake ndinali naye pa kompyuta ya kuntchito, m'sitolo ya amwenye ku Limbe komwe ndinkayang'anira katundu. Koma kafoni ka bambo kamabatani kankangoliza nyimbo, osati kanema wa kamera yakalekale ija. Kompyutayo sinali yonyamula, inalibenso sipika.

Ndinati kantchito kochepa aka. Pali timapulogalamu tina topanda zithunzi, umangolemba mzere umodzi pa sikirini yakuda, ito n'kukupatulira mawu m'kanema. Ndinapeza kamodzi pa intaneti n'kukauza kuti kalowe m'kompyutamo. Kanayankha kuti sikangagwire ntchito popanda kanzake. Kanzakeko kanafuna ena, enawo n'kuitananso abale awo, ngati munthu womuitana yekha kuchinkhoswe iye n'kubwera ndi mudzi wonse. Wina wa zilembo za Chitchaina, wina wojambula mapu. Mapu a chiyani pa nyimbo ya amayi anga?

Netiweki ya m'sitolomo inkayenda mokwawa. Zikati ziyandikire kumapeto, magetsi n'kuzima, ndipo akayaka zina zinkayambiranso poyamba. Tsiku lina kompyuta inati malo atha. Ndinamenya tebulo mpaka bwana anasuzumira. "Achimwene, mukulimbana ndi ndani umo?"

Madzulo ndikafika kunyumba, bambo ankatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Wabwera nawo amako?"

"Mawa, bambo. Kompyuta yatsala pang'ono."

"Iwe ndi mawa lakolo," ankatero, n'kutseka maso. Kenako analeka kufunsa, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa funsolo.

Amene analemba kapulogalamuko sindiwadziwa. Ndikhulupirira kwawoko magetsi sazima, ndipo katundu yense uja amatsika munthu asanamwe n'tiyi yemwe. Sindikuti anali ouma mtima, kungoti za ife sanaziganizeko. Komabe mpaka lero ndimawasungira mkwiyo.

Bambo anatisiya m'mawa wina ine ndili mu minibasi yopita ku Limbe. Titaika maliro ndinabwerera kuntchito, n'kupeza mudzi wonse uja utalowa m'kompyuta, ukungodikira ine. Ndinalemba mzere uja. Chala chisanachoke pa batani, nyimbo inali itatuluka kale. Ndinaiika m'kafoni ka bambo, kamene tsopano kanali m'thumba mwanga, amayi n'kuyamba kuimba pakati pa makatoni a sopo.