Ku Mbeya ndili pakhonde

Kanjinga kamoto ka anesi a ku Uliwa kanalibe vuto lenileni. Pulagi inangoda ndi mwaye. Nditaipala, kanalira nthawi yomweyo. Koma anesiwo atabwera ndinati, "Sisita, kabuleta yafa. Ina ichokera ku Kyela, mudikire."

Linali bodza. Sukulu ndinalekera panjira, anzanga akuona mayiko, ine ndimangokonzera anthu zoyendera. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkakaliza kali chiimire pakhonde, n'kukwerapo, n'kutsinzina. M'maganizo ndinkaoloka Songwe kulowa m'Tanzania popanda wondiimitsa, n'kukwera mapiri a Tukuyu, kamphepo kozizira kakununkhira nthochi ndi tiyi. Kutuluka nako pamsewu ndinkaopa, laisensi ndilibe.

Masiku onsewo anesiwo ankapita wapansi kusikelo ya ana kumidzi, bokosi la katemera lili m'manja, dzuwa la ku Karonga likuwaotcha.

Tsiku lowabwezera anagwedeza thanki, kenako anayang'ana manambala a mtunda. Anali asanasinthe.

"Petulo wanga wapita kuti, achimwene?"

"Ku Mbeya," ndinayankha maso ali pansi.

"Ulendo wina mudzanditengeko," anatero, n'kuyamba kukankha kanjingako kulowera kumsewu.