Amayi a m'foni

Mng'ono wanga anapita ku Joni kukagwira ntchito za m'nyumba mwana wake wamkazi asanayambe kulankhula. Mwanayo anandisiyira ine ku Ngala. Ine ndi mwamuna wanga sitinapatsidwe mwana, koma pakhomo pathu sipankakhala zii: asodzi ankadyera pomwepo, ogula usipa ankakanganirana pomwepo.

Mwanayo ankatola mawu ngati nkhuku pa mpunga woyanika. Asanasiye kukodza pogona ankadziwa kale ukonde wa chilimira, thandala loyanikapo usipa, ndi mphepo za mwera ndi mpoto. Asanagwire kondowole ankayamba wanena bismillah, ngakhale kwa iye inali "simila". Kutukwana nako anatola kwa asodzi, ndipo ndinkamukalipira ndikubisa kuseka. Ine ankanditcha anti, chifukwa mng'ono wanga anandipempha kuti dzina la umayi ndimusungire.

Ndinamusungiradi, koma onani mmene tinalisungira. Akaimba kuchokera ku Joni, tinkathamanga ndi foni: "Bwera, nawa amayi ako!" Batire ikatha tinkati amayi agona. Netiweki ikavuta tinkati amayi athawa, tiyeni tikawafune pachulu. Palibe amene anaganiza kuti mwana akumva zenizeni.

Mng'ono wanga anabwera pa Idi, mwana ali ndi zaka zitatu. Anatula chikwama, nagwada pabwalo, manja atatambasula.

"Bwera kwa amayi, mwana wanga."

Mwana anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako analowa m'nyumba liwiro. Anatuluka atakumbatira foni yanga yosweka galasi ija.

"Amayi ndi awa."

Anthu anaseka mpaka misozi. Mng'ono wanga sanaseke. Anayesa masiwiti, anayesa diresi latsopano, anayesa kumubereka kumsana, mwana ankalandira zonse mwaulemu ndi manja awiri, n'kumati, "Zikomo, alendo." Mtima unkandiwawa kwambiri moti ndinkathawira ku matandala kukatembenuza usipa wouma kale.

Masana ena mng'ono wanga anazemba kupita kuseri kwa bafa, ndipo foni yanga inalira. Mwana anailumphira, nkhope yonse mbee. Ine ndinali pakati, ndikumva mawu a mng'ono wanga kawiri, m'foni ndi kuseri kwa mpanda wa udzu.

"Amayi, kwabwera alendo," anatero mwana, akunong'ona. "Akungolira. Muwauze azipita kwawo."

Mng'ono wanga anayankha ali kuseri kwa bafa konko.

"Chabwino, mwana wanga. Ndiwauza."