Timatumba Khumi ta Mapira

Ndinakwatiwa ndili chaka chachitatu ku koleji ya zaulimi, ndipo musandifunse chimene ndinkathamangira. Mnyamatayo tinkagwiritsa naye maikulosikopu imodzi mu labu. Iye ankayang'ana khungu la anyezi, ine ndinkayang'ana makutu ake. Pomwe chaka chimatha, siketi inali itayamba kale kukana kutsekeka. Tinadalitsa ukwati mothamanga, koleji n'kundipatsa chaka chimodzi chopuma, ndi chenjezo lakuti ndikapitirira pamenepo malo anga atha. Mwamuna wanga anapitiriza maphunziro, poti amuna satupa mimba, ine n'kukanditula kwa amayi ake kwa Tengani.

Apongozi anga anali Msena wa kutsidya kwa Shire, wamfupi, wa mawu omveka mpaka pamjigo. Sanali ankhanza. Mwana atabadwa ankandiwiritsira madzi osamba ndi kundiletsa kusinja. Koma nkhani yobwerera kusukulu sankafuna n'kuimva komwe. Ku hositelo salola khanda, ndipo munthu woti n'kumusiyira mwana anali iwo okha. Nditayesa kuwafunsa, mwaulemu wonse, nditagwada, anangoti, “Nkhabe. Munthu wa mwana kumsana sukulu yake ndi kumunda.” Nkhabe ndiye ayi wa Chisena, ndipo wa apongozi anga ankabwera ndi loko yemwe.

Ine sindinasiye kukonzekera. Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza anali wa mapira a makolo: kutolera mitundu yosiyanasiyana kwa alimi, kukaibzala ku koleji mtundu uliwonse pamzere wake, n'kuona umene ukupirira ng'amba. Popanda mbewuzo kunalibe chokachita kusukuluko. Ndiye ndinkabereka mwana, kukwera njinga ya malemu apongozi aamuna, n'kumayenda m'makomo mpaka ku Marka. Ndinapeza mitundu khumi. Uliwonse ndinausokera kathumba kansalu, kuulemba nambala, n'kusunga m'katoni kunsi kwa bedi.

M'mudzi munamveka mbiri yakuti mtengwa wophunzira uja akupempha mapira a m'manja khomo ndi khomo. Apongozi zinawawawa. “Anthu akuti sindikukudyetsani,” anatero tsiku lina. Ndinangoti ndi za kusukulu, osafotokoza zambiri. Kunena chilungamo ndinkawaderera. Ndinkaganiza kuti munthu wosainira ndi chala sangamve za kafukufuku.

Kutatsala sabata imodzi kuti sukulu itsegulidwe, ndinapita ndi mwana kusikelo. Ndinabwerako masana, dzuwa lija la ku Nsanje lowotcha mapazi ngakhale uli m'nsapato. Ndili chapatali ndinaona tinsalu tikuuluzika pachingwe. Ndinatiwerenga ndikuyenda. Tinali khumi, tochapidwa bwino, manambala anga akuoneka mwa apo ndi apo. Pansi pa mtengo wa nimu panali apongozi, ndipo patsogolo pawo panali lichero limodzi lodzaza mapira.

“Mwabwera? Ndakuanikirani,” anatero mokondwa. “Ndinaona anankafumbwe pa katoni paja. Akanamaliza onse.”

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo ndi chitenje changa chatsopano. Ndinalira, ndipo ndikukumbuka kuti ndinalira m'Chingerezi, chimene sichinathandize aliyense. Mwana naye anayamba wake.

“Ninji? N'chiyani? Kwagwa maliro?” anafunsa apongozi.

Ndinawauza, mamina ali chuchuchu, kuti munali mitundu khumi, kuti ndinayenda miyezi itatu, kuti tsopano yasakanikirana ndipo palibe munthu angailekanitse.

Sanapepese. Chimene anamva iwo pa zonsezo ndi mawu amodzi okha.

“Palibe?” Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anatola kambewu kamodzi, kukatembenuza pachikhatho, n'kukaluma ndi mano akutsogolo. “Gonkho uyu.” Anatola kena. “Thengalamanga. Ngakhale mbuzi ikumudziwa ameneyu. Kodi kusukulu kwanuko mumaphunzira chiyani?”

Funso limenelo mpaka lero, ndikugwira ntchito ya mbewu yomweyi, sindinaliyankhe bwino.

Tinakhala pansi pa nimu paja masiku atatu. Apongozi anayala mbale zonse za m'nyumba, ndi zivundikiro za mapoto zomwe, n'kumasankha kambewu kamodzikamodzi. Ine ndinatsegula kope langa momwe ndinalemba maina amene alimi anandiuza, n'kumafananiza. Ndikati ndithandizeko, ankandimenya kadzanja. “Inu muzingolemba. Maso anuwa anathera m'mabuku.” Mwa mbewu zisanu zilizonse zimene ndinaika ndekha, zitatu ankazibweza.

Tsiku lachitatu milu inatha, koma inali isanu ndi inayi. Ndinawerenga kawiri. Ndinati wina wasowa, anali khumi.

“Sanali khumi,” anatero apongozi.

Ndinawaonetsa kope. Nambala folo ndinaitenga kwa mayi wina wa kwa Tengani konko, nambala seveni kwa bambo wina wa ku Marka, amene anandiuza kuti ndi mbewu yosowa yochokera ku Mozambique. Dzina lake ndinalilemba ndi zilembo zazikulu, chifukwa ndinkainyadira kwambiri mbewu imeneyo.

Apongozi anafunsa ngati bamboyo anali wamtali, wa dzino limodzi lakutsogolo. Nditavomera, anaseka mpaka kugona chammbali. Mkazi wa bambo ameneyo anali msuweni wawo, ndipo mbewuyo anadzaitenga pakhomo pomwe pano chaka cha madzi osefukira. Folo ndi seveni anali mapira amodzi. Ndinapalasa njinga tsiku lathunthu, mwana akuwauka kumsana, kukatenga mbewu imene inali m'nkhokwe ya kuseri kwa chipinda changa.

Ndinachita manyazi, koma ndinasekanso, koyamba chichitikireni ngoziyo. Atapukuta misozi, apongozi anafunsa kuti ndikakabzala, kenako chiyani. Ndinati tikaona umene sufota msanga mvula ikadula.

“Mukanangondifunsa,” anatero.

“Akufuna zolembedwa, amayi. Zapakamwa sakhulupirira.”

“Ndiye zimene ndikudziwa ine, zikalembedwa, azikaziwerenga azibambo a mataye?”

Ndinati eya. Anatenga timatumba pachingwe n'kuyamba kuthiramo okha, uku akundifunsa nambala iliyonse kuti ikuti chiyani. Kathumba ka seveni anakapinda n'kukaika m'chitenje mwawo. Atamanga komaliza anati, osandiyang'ana, “Mwanayu phala akudya. Mumusiye. Koma papepalapo mukalembe naini. Mukakalemba teni mukanama m'dzina la pakhomo pano.”

Ndinagwada n'kunena takhuta, zikomo wa Chisena yekhayo amene ndinkamutchula bwino. Ndinali ndi chimwemwe chachikulu. Sindinadziwe kuti kuloledwa kumawawa kuposa kukanizidwa.

Wakabaza anabwera m'mawa wa Lolemba kudzanditengera kumsewu. Mwana anali ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo anali asanagonepo tsiku limodzi popanda ine. Ndinamuyamwitsa mbali zonse ziwiri, apongozi n'kumubereka. Nditakwera njinga, katoni ili pamiyendo, ndinacheuka kuti ndimuone komaliza. Sindinamuone. Apongozi anaima moyang'anana nane, ataongoka, kuti thupi lawo limutchinge. Mwana akasuzumira kumanja, iwo ankapotolokera komweko. Akasuzumira kumanzere, ankateronso, uku akumuimbira ngati ndi masewera, ndipo ndinamumva akuseka. Anachita zimenezo mpaka tinakhota pa mtengo wa masawu wa kutchalitchi. Pofika pamsewu bulauzi yanga inali itanyowa mkaka, ndipo wakabaza, poopa kufunsa, anangoti dzuwa la chaka chino likutuluzitsa anthu thukuta.