Mkazi wa m'thumba la malaya

Amuna anga ankagwira ntchito m'kachipinda kena ku Balaka, kumene ankasunga mafilimu obwereketsa. Aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi a ku mishoni ankadzatenga zitini zozungulira za mafilimuwo, n'kukaonetsa kanema ku Ulongwe kapena kwa Nsamala, kenako n'kubweza. Ntchito ya amuna anga inali kuona ngati filimu yabwerako yamoyo. Ankavala magolovesi oyera, dzanja lina likupukusa gudumu, filimuyo ikudutsa pakati pa zala za dzanja linalo. M'mphepete mwa filimu mumakhala timabowo momwe makina amakola. Kabowo kakang'ambika, chala chimamva. Pamenepo ankadula ndi lezala n'kumata ndi guluu wonunkha.

Ndikawapititsira chakudya masana ndinkakhala pakhomo n'kumaonerera, ndipo zinkandiwawa. Munthu amene kunyumba ankatseka chitseko ngati akumenyana nacho, kuno ankapukuta filimu ndi kansalu kofewa, akuuzira fumbi pang'onopang'ono. Ya msonkhano wa chipani ndiye ankaigwira ngati dzira, poti kudula pankhope yolakwika kukanawapititsa kutali. Tsiku lina anandiveka golovesi, nandigwira dzanja kuti ndimve ndekha pong'ambika. Kanthu kanandikanda pachala. Ndinabwerera kunyumba ndikumwetulira ndekha mumsewu, chifukwa chongondigwira dzanja basi.

Ndikuchapa m'mawa wina, ndinapeza kachidutswa ka filimu m'thumba la malaya awo, kotalika ngati chala. Nditakaloza kudzuwa ndinaona mkazi. Anali atavala duku, dengu la thonje lili pamutu, akuseka, kampata kakuoneka pakati pa mano. Nkhope yomweyo inali itabwerezedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati imodzi sikanandikwanira.

Atabwera ndinawafunsa.

"Abambo ake, uyu ndani?"

"Zodula zimenezo, mayi. Filimu ya ulimi wa thonje inabwera yong'ambika. Zotaya."

"Zotaya zimakhala m'thumba la pamtima?"

Anangoseka, napempha madzi osamba. Kusekako kunandipsetsa mtima kuposa chithunzicho.

Mlangizi wina amene ankabwereka mafilimu anandiuza, osadziwa chomwe ndinkafunsira, kuti ya thonjeyo anaijambula ku Ngokwe, ndipo anthu a mmenemo ndi alimi enieni a kumeneko. Basi mtima unandichoka. Mkazi uja akanakhala mzungu wa kutsidya la nyanja ndikanagona tulo. Koma wa ku Ngokwe amamwa madzi, amakwera basi, amalonjera alendo. Kwathu kuno mwamuna kutenga mkazi wachiwiri si nkhani yodabwitsa, ndipo amuna anga anali atayamba kuperekeza okha mafilimu Loweruka, akuti madalaivala amaponya zitini.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka lina atangonyamuka, ndinapita kwa amalume, amene anali ankhoswe athu. Ndinawapeza akukonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Nditawafotokozera n'kuwapatsa kachidutswako, anakaloza kumwamba, diso limodzi atatsinzina, naseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mwana, nsanje ndi chithunzi? Munthu wochepa ngati chikhadabo akulande banja?"

"Amalume, chikhadabo chimakanda."

"Iyayi. Mwamuna wako wati n'zong'ambika, ndiye ntchito yake imeneyo. Pita ukaphike, usatichititse manyazi."

Ndinabwerera nkhope ili pansi. M'njira ndinkadzitukwana kuti ndine chitsiru, mkazi wamkulu wa ana awiri kukasumira filimu kwa ankhoswe. Ndinaganiza zokaponya kachidutswako pamoto kuti nkhaniyo ithere pomwepo, amuna anga akabwera adzapeze nyumba yosesa ndi mkazi woseka.

Nditafika kunyumba, pachingwe panali magolovesi awo, amene ndinachapa dzulo lake. Sindikudziwa chinandituma n'chiyani. Ndinavala limodzi, n'kukhala pakhonde, dzuwa lili pamutu. Ndinagwira kachidutswako m'mphepete monga anandiphunzitsira iwo eni, n'kukakoka pang'onopang'ono pakati pa zala. Ndinkafunitsitsa kuti kandikande. Ndinakatembenuza, n'kuyesa mbali inayo. Ndinavula golovesi, n'kuyesanso ndi chala chopanda kanthu, mkazi uja akungondisekera.

Panalibe kabowo ngakhale kamodzi kong'ambika.