Utsi wa pa uvuni unandidya mapapo

Chinayamba ngati chifuwa wamba, m'nyengo ya mwera. Ndinkadzuka ndi makhololo akuda ngati mwaye, koma sindinadabwe. Ife amayi owamba nsomba kuno ku Nkopola tonse timatsokomola, mpaka timasekana kuti wosatsokomola ndi waulesi. Ndawamba utaka ndi kampango kuyambira ndili mtsikana, nkhope ili pa uvuni, kutembenuza nsomba pa waya kuti zisapserere. Mankhwala athu anali tiyi wa mandimu basi.

Chaka chotsatira ndinayamba kubanika ndikasenza nkhuni. Kenako ngakhale kuwerama pa mapemphero a swala kunkandithera mpweya. Mwana wanga wamkazi, Asiyatu, anandikakamiza kupita kuchipatala ku boma. Tinafika m'mamawa, tinakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Anayeza makhololo, TB sanaipeze. Anati ndibwerenso kudzajambulidwa pachifuwa, koma makina anali atawonongeka, ndipo ndinadikira mpaka mvula inagwa.

Dokotala ataona chithunzi anandifunsa ngati ndimasuta fodya. Ine fodya? Sindinamugwirepo chibadwire! Nditamuuza ntchito yanga anangopukusa mutu. Anandifotokozera kuti mpweya ukalowa pakhosi umatsikira pachifuwa, n'kugawikana m'tinjira ngati nthambi za mtengo. Kumapeto kwa tinjirato kuli timatumba ting'onoting'ono, ndipo m'menemo ndi momwe mpweya wabwino umalowera m'magazi.

"Mayi, utsi wawononga timatumbato," anatero. "Mankhwala angotsegulako njira, koma tomwe tawonongeka sitimeranso. Uvuni muusiye lero."

Anandigoneka m'wodi, chingwe cha mpweya chili m'mphuno. Potuluka anandipatsa kabotolo kopopera m'kamwa. Kamathandiza, sindinama, koma nthawi zina ndikapita kukatenga kena amati katha, ndibwere mwezi wamawa.

Panopa ndimagona chokhala, nditatsamira khoma. Ndimaswali nditakhala pampando. Kuchoka pakhonde kufika kubafa ndimapuma panjira ngati nkhalamba, chikhalirecho anzanga obadwa nawo akupalasa njinga mpaka kumsika. Ndatopa, ndipo mantha ndili nawo. Amayi anzanga owamba nsomba, musamaseke chifuwa. Chikakana kutha pitani kuchipatala mukadali ndi mphamvu zoyenda nokha, ndipo mukanene ntchito yanu asanakufunseni.

Koma ndikulangiza ena pamene pakhomo panga pomwe ndalephera. Bambo a ana anatisiya kale, ndipo uvuni ndi umene umatidyetsa. Ine nditausiya, Asiyatu ndi amene anaimapo. Dzulo ndinamumva akutsokomola kuseri kwa nyumba, atatseka pakamwa ndi mpango kuti ndisamve. Ndinamuitana, ndinati mawa tipite kuchipatala.

"Amama, ndikachoka nsomba ziwola," anandiyankha. "Ndi chifuwa cha utsi chabe, chitha chokha."

Mawu anga omwe aja, ndendende. Ndinafuna kumukalipira, koma mpweya sunakwane.