Amayi Sakusamuka, Ndipo Ine Sindisaina

Loweruka lapitali ndinapeza anthu akuyeza nyumba ya malemu bambo anga ndi chingwe.

Ndinatsika minibasi pa Nsipe dzuwa litakwera, nditanyamula shuga ndi sopo wa amayi ondipeza, aNangozo, monga ndimachitira mwezi ukatha. Nyumbayo ili pafupi ndi msewu waukulu, kuseri kwa amayi ogulitsa mbatatesi ndi kabichi. Nditalowa pampanda ndinaona mlongo wanga Lameki atagwira nsonga ya chingwe pakona ya khonde. Nsonga inayo anagwira bambo wina wa imvi kundevu, Che Bwanali, mwini sitolo ya simenti ndi malata pamsikapo.

ANangozo anali atakhala pakhomo penipeni, akusankha nyemba m'lichero, osayang'ana munthu.

"Achimwene, kukuchitika chiyani pano?" ndinafunsa.

"Mwafika bwino, achemwali. Ndimati ndikuimbireni. Che Bwanali akufuna malo ano amangepo sitolo yaikulu. Inu mungosaina basi."

"Nanga amayi?"

"Amayi abwerera kwawo ku Nzama. Abale awo alipo. Tikawamangira kanyumba."

Apa m'pamene aNangozo anatula lichero pansi.

"Ine bambo anu anandiuza kuti m'nyumba muno ndidzatuluka atandinyamula. Mwabwera ndi bokosi?"



Ndikufotokozereni pang'ono, inu amene simutidziwa. Mayi athu otibereka anamwalira ife titakula kale. Patapita zaka bambo anakwatira aNangozo, ndipo mwana sanabereke nawo. Kenako sitiroko inawapha bambo ziwalo mbali imodzi. Amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa phala ndi sipuni kwa zaka zisanu ndi chimodzi anali aNangozo. Lameki anali ku Lilongwe. Ine ndinali kuno ku boma, n'kumapita Loweruka limodzi pamwezi, kukakhala maola atatu, n'kubwerako ndikudzitcha mwana wabwino.

Bambo ankatidziwa ana awo. Asanadwalike anapita kwa loya kukalemba wilo, ndipo zimene analembazo n'zomveka ngakhale kwa mwana wa sitandade faifi. ANangozo akhale m'nyumbamo ndi kulima munda wakuseri moyo wawo wonse. Akadzamwalira, nyumba ndi munda zidzakhale za Lameki ndi ine.

Ndinapempha amayi kuti atulutse pepalalo. Analitenga m'sutikesi, litakulungidwa m'jumbo ziwiri. Che Bwanali anavala mandala n'kuliwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere. Atamaliza anavula mandalawo.

"A Lameki, munandiuza kuti nyumba ndi yanu. Ndi yanudi, koma si lero. Ine sindigula denga lomwe pansi pake pali mayi wamasiye. Ndingakapemphere bwanji?"

Anawapepesa aNangozo atagwira pamtima, n'kumapita kusitolo kwawo.

Lameki anandikokera kuseri kwa khitchini.

"Achemwali, mwandichititsa manyazi chifukwa cha munthu wobwera? Si mayi athu amenewa. Sanabereke pakhomo pano. Ntchito inandithera, mukudziwa. Ana anga akhale osaphunzira, iwo atatambalala m'zipinda zinayi okhaokha? Nanga akakhala zaka zina makumi awiri?"

"Akakhala zaka makumi awiri, tidzathokoza Mulungu," ndinatero. "Ine sindisaina."

Musaganize kuti mawuwa anatuluka mosavuta. Lameki ndi mlongo wanga, ndinamubereka kumbuyo ali khanda. Mavuto ake si opeka, ana akewo ndi anganso. Ndipo theka la nyumbayo likudza kwa ine, kotero nanenso ndikanapata nawo. Koma pali zinthu zina zimene njala siyikupatsa chilolezo chochita.

Kodi tinafika bwanji poti mkazi amene wasamala mwamuna mpaka kumutseka maso azitchedwa wobwera? Anali wobwera pamene ankachapa nsalu zonyowa m'bandakucha wa mwezi wa Juni, kuzizira kwa kwathu kuno mukukudziwa? Nthawi imeneyo bwanji sitinamuuze kuti amayi, inu ndi obwera, pumulani, tichape ndife?

Kale olanda chuma cha masiye ankabwera poyera. Maliro akangotha, wina wanyamula njinga, wina wailesi, wina wakwera padenga kukazula malata. Masiku ano tachenjera. Tikudziwa kuti lamulo limaluma, ndiye timabwera mwaulemu. Timati amayi, nyumbayi yakukulirani. Amayi, kwanu akukusowani. Amayi, pamsewu pano pali phokoso. Timasiya kuwayendera, timasiya kuwapatsa moni kutchalitchi, mpaka mayi uja atopa, amanga katundu yekha. Tikatero timauza anthu kuti anachoka mwa kufuna kwawo.

Kulanda ndi kulanda, ngakhale utagwada polandapo.

Lolemba ndinakacheza ndi mnzanga wina wodziwa zamalamulo, kuti ndisangokhala wolimba mtima koma wosadziwa kanthu. Zimene anandiuza ndikugawireni. Munthu akapatsidwa nyumba kuti akhalemo moyo wake wonse, sali m'nyumbamo mwa chifundo cha wina aliyense. Ndi ufulu wake. Akhoza kugonamo, kulima munda, kudya zipatso za m'mitengo, ngakhale kuika munthu wa lendi m'chipinda china ngati wilo sikuletsa. Ife odikira sitingamutulutse, sitingasinthe loko, sitingalowetse alendo athu iye asakufuna. Tikafuna kugulitsa nyumba yonse iye ali moyo, mpaka avomere yekha, osati mokakamizidwa. Lameki atafuna akhoza kugulitsa gawo lake la m'tsogololo, koma wogulayo adzadikira monga mmene Lameki akudikirira. Ndani angagule kudikira?

Komanso tisaiwale, wakufa sadziwika. Lameki amawerenga zaka za aNangozo ngati kuti zake anazisungitsa kubanki.

Tsono musafulumire kundiombera m'manja, inu amayi amasiye, chifukwa nkhani ili ndi mbali ina, ndipo imeneyonso sindinaibise.

Lameki atachoka Loweruka lija, ndinalowa m'nyumba. Kuchipinda kumene ankagona bambo ndinapeza beseni pakati, siling'i itafufuma n'kuda bii. Khoma la kumpoto linali ndi ndere. Nditasuzumira pazenera ndinaona zitsa ziwiri pamene panali mibawa imene bambo anadzala ine ndili kusekondale.

"Amayi, mibawa ija ili kuti?"

"Ndinagulitsa kwa ocheka matabwa."

"Nanga dengali layamba liti kudontha?"

"Mvula ziwiri zapitazi." Anandiyang'ana m'maso. "Ndikonzerenji denga la anthu amene akudikira maliro anga? Adzakonze okha."

Ndinakhala pansi, chifukwa mawuwo anandilasa. Ndinawamvetsa. Munthu ukamauzidwa tsiku ndi tsiku kuti pano si pako, manja amafooka. Koma ndinali nditangokana mlongo wanga chifukwa cha pepala lija, ndiye sindikanaliwerenga theka lokha.

"Amayi, ndimvereni. Ine ndaima nanu, ndipo ndiimabe nanu. Koma bambo sanakupatseni nyumbayi kuti igwe. Anakupatsani kuti mukhalemo, mudzaisiye ili nyumba. Mango idyani, mapeyala gulitsani, chimanga cha m'munda ndi chanu. Koma mitengo ikuluikulu simungadule, chifukwa imeneyo ndi ya amene akubwera m'mbuyo mwanu. Denga likabooka pang'ono, kukonza ndi kwanu. Mukalisiya, mukumupatsa Lameki ndodo yokumenyerani. Adzapita kukhoti n'kukanena kuti mukuwononga chuma, ndipo pamenepo ine ndidzasowa chonena."

Anapotokola nsonga ya chitenje.

"Ndiye nanunso mwabwera kudzandiweruza?"

"Ayi. Ndabwera kudzakuuzani kuti nyumba ino ndi yanu. Ikonzeni ngati yanu."

Misozi inalengeza, koma sanailole kugwa. Anangoti, "Muuzeni kalipentala uja wa kuseri kwa chigayo abwere Lachitatu."

Mnzanga wa zamalamulo uja anatsimikiza zomwezi. Wokhala m'nyumba moyo wake wonse ali ndi udindo woisamala, kukonza zowonongeka za tsiku ndi tsiku, ndi kulipira zimene nyumbayo imayenera kulipira chaka ndi chaka. Sangaigulitse ngati yake, sangaiike chikole, sangailembe mu wilo yake kuti ipite kwa abale ake a ku Nzama. Ufulu wake umathera pamanda. Ufulu wathu umayambira pomwepo, osati tsiku limodzi m'mbuyo.

Mwaona? Bambo anamanga mfundo imene imagwira mbali zonse ziwiri. Vuto lathu Amalawi ndi loti pepala timaliwerenga mpaka pamene likutikomera, tikafika pamene likutilamula timati maso atopa.

Lachitatu kalipentala anakweradi padenga. Anapeza malata atatu obooka ndi phaso limodzi lofumbwa. Za malata aNangozo anathana nazo okha atagulitsa mbatatesi za m'munda mwawo. Phaso ndinagula ine, chifukwa nyumba imene ndidzailandire sindingaionere ikuwola manja ali m'thumba. Amayi anena kuti mvula ikayamba adzala mibawa inayi pamene panali iwiri paja. Sadzakhala pamthunzi pake, akudziwa, koma ati adzalabe.

Lameki sakuyankha foni yanga. Azakhali athu, alongo awo a bambo, anandiimbira Lachinayi kundiuza kuti ndagulitsa magazi anga kwa mlendo, ndipo kumaliro kwanga kudzalira aNangozo okha. Ndinawayankha mwaulemu kuti azakhali, amene analemba pepalalo ndi alongo anu, ngati pali wolakwa mukawafunse iwowo. Anadula foni.

Zikundipweteka, sindinama. Za ana a Lameki tikambirana, ndipo pomwe ndingathe ndithandiza, chifukwa ana sanalakwe. Koma sukulu ya ana sidzalipiridwa ndi kuthamangitsa nkhalamba imene inatisamalira bambo ife tili kutauni. Anditche dzina lililonse limene afuna. Dzanja langa silikhudza cholembera.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga izi muli ndi aNangozo anu, ku Sharpevale, ku Nsipe komweko, kapena kwina kulikonse. Mukudutsa panyumbapo n'kumawerenga zipinda, n'kumamvetsera ngati chifuwa cha mayiyo chakula. Dzifunseni kuti mwasanduka munthu wotani.

Koma mawu anga omaliza apite kwa inu abambo amene mudakali ndi mphamvu, amene mumati ana anga ndi aulemu, sangachite zimenezo. Bambo anga nawonso anali ndi ana aulemu, opemphera, ophunzira. Komabe anakwera minibasi kukalemba. Inu mwalemba? Kapena mukuti mkazi wanu adzagona kuti, sabata yachiwiri maliro anu atatha?